Mwini Kampani ndi Nkhuku za Ukwati

Pa makiyi anga pali kakiyi kamodzi kamene sikatsegula chilichonse. Adzukulu akandifunsa ntchito yake ndimawauza kuti n'kotokosera m'khutu, koma mkazi wanga akakhala pafupi amatsokomola, ine n'kusintha nkhani. Ndatopa nako kusintha nkhani. Lero ndikuuzani inu, poti simundidziwa ndipo simudzandiloza chala pa siteshoni ya minibasi.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina ya boma yopanga waya ndi misomali, kumafakitale kuja kumadzulo kwa tauni. Kenako inafika nyengo ija boma linayamba kugulitsa makampani, ndipo tsiku lina anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti kwabwera eni ake atsopano. Eni akewo sitinawaone nkhope. Tinangoona alonda achilendo pageti, ndipo patapita nthawi pang'ono getilo linatsekedwa ife tili kunja. Kuyambira pamenepo mawu akuti "eni ake" anandikhala pakhosi. Ndinkadzifunsa kuti anthu amenewa amabadwa bwanji, amadya chiyani, nanga n'chifukwa chiyani ine nthawi zonse ndimapezeka mbali ya kunja kwa geti.

Ndalama zathu zopumira ntchito tinazidikira mpaka tsitsi linachita imvi. Anzanga ena anamwalira akudikira. Zaka zonsezo amene ankadyetsa banja lathu m'komboni mwathu ku Kanyama ndi mkazi wanga, amake Esinati, pamodzi ndi firiji yawo. Inali firiji yaikulu yogona ngati bokosi, yogula kwa munthu, ndipo anaipeza atapsa ndi dzuwa zaka zambiri akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. M'menemo ankaumitsiramo timadzi totsekemera ta m'timapulasitiki tija ana a sukulu amayamwa, komanso ankasungiramo anthu nsomba ndi nyama, eni ake n'kumapereka kangachepe. Inali ndi loko chifukwa cha ana. M'mawa uliwonse ankaipukuta n'kuifunditsa kansalu koluka (ine sanandifunditsepo kansalu koluka, koma zimenezo ndi zina). Firiji imeneyo ndi imene inaphunzitsa ana athu onse.

Ndalama zanga zitatuluka, zinali zitaonda moti sizikanagula ngakhale theka la zimene tinkalota. Amake Esinati anati timange kachipinda kamodzi kuseri tiikemo wa lendi. Anali maganizo abwino, ndipo ndinavomera ndi pakamwa. Koma masiku omwewo pa wailesi pankamveka nkhani imodzi m'mawa ndi madzulo, yakuti kampani ina ya magetsi ikugulitsa masheya kwa anthu wamba. Ankafotokoza kuti masheya ndi tizigawo ta kampani, ndipo ukagula ngakhale pang'ono, nawenso wakhala mmodzi wa eni ake. Eni ake! Ndinamva ngati ndaitanidwa dzina.

Ndinavala jekete n'kupita kubanki osauza munthu. Anandilandira mnyamata wa tayi amene ankalankhula Chingerezi chothamanga, ndipo nditaona kuti chikundisiya m'mbuyo ndinamuimitsa.

"Mwana wanga, niuze chabe mwachidule. Iyi ni kampani ya malaiti?"

"Ee bakamba, ni ya malaiti."

"So nikagula, nine mwine wake?"

"Pang'ono, bakamba," anatero akumwetulira. "Pang'ono maningi."

Mawu akuti "mwine wake" ndinanyamula, akuti "pang'ono" ndinawasiya pa kauntala pomwepo. Funso lachitatu sindinafunse. Kwa ine magetsi anali magetsi, ndipo kampani ya magetsi inali imodzi basi, ija imatumiza anthu a makwerero kudzadula waya ukachedwa kulipira.

Amake Esinati atamva sanakalipe. Anangopita kukatsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka kale. Setifiketi itabwera ndinaiika mu felemu n'kuipachika pakhoma pamwamba penipeni pa firiji, kuti aliyense wobwera kudzasungitsa nsomba aziyamba waona.

Ndiye ndinayamba kudwala matenda a umwini. Madzulo ndikamayenda m'komboni n'kuona mababu akuyaka m'nyumba za anthu, ndinkamva ngati mlimi woyendera chimanga chake. Ndikapeza mayi akukalipira mwana kuti azimitse getsi, ndinkalowererapo kuti amusiye mwana aone bwino. Tsiku lina amake Esinati akudandaula za bilu ya magetsi, ndinawauza kuti asavutike mtima, chifukwa kulipira kampani yathu yomwe n'chimodzimodzi kuchotsa ndalama m'thumba la kumanzere n'kuika m'thumba la kumanja.

"Manje thumba ya kumanja ili kuti?" anandifunsa. "Nifuna niione."

Anthu anayamba kunditcha ba Dairekita. Anayambitsa ndi ba Sakala, mnansi wathu wowotcherera zitsulo, ndipo ndikhulupirira kuti poyamba kunali kundiseka. Koma dzina ukalivomera limamera mizu. Magetsi akazima, monga ankachitira kawirikawiri, mawu ankachokera kuseri kwa mpanda: "Ba Dairekita, mwatichita bwanji futi lelo?" Ine ndinkayankha mwaulemu wa bwana kuti apirire pang'ono, anyamata akukonza. Magetsi akabwera okha pa nthawi yawo, anthu ankandithokoza, ine n'kumagwedeza mutu modzichepetsa (ndikakumbukira kugwedeza mutu kumeneko ndimafuna kulowa pansi). Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalonda anga anafika m'nyengo ya mvula, sabata ya ukwati wa Esinati. Esinati ndi mwana wathu wamkazi yekhayo, wofatsa ngati mayi ake koma wopanda lilime lawo, ndipo ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Kalingalinga Loweruka la sabata imeneyo. Inu mukudziwa mmene anthu alili. Amaiwala diresi, amaiwala ulaliki, koma saiwala ngati pa ukwati wa mwana wa uje anadya nkhuku kapena kabichi. Choncho amake Esinati anayamba kusonkhanitsa nkhuku kalekale. Zina anaweta okha kuseri kwa nyumba, zina zinachokera kwa abale kumudzi ku Katete pa basi, zina anabweretsa amayi a kutchalitchi, aliyense yake. Zonse zinaphedwa, kusosoledwa n'kulongedwa m'firiji mpaka chivundikiro chinkatsekeka mochita kukanikiza.

Lolemba masana kunagwa chimvula cha mabingu. Thiransifoma ya dera lathu, chija chimakhala pamwamba pa mitengo iwiri pafupi ndi shopu ya ba Sakala, inaphulika n'kufuka utsi, dera lonse n'kuti zii. Ndipo amene anakhalako ku Kanyama akudziwa kuti pansi pathu ndi mwala, madzi salowa. Pofika madzulo njira zonse zinali madambo. Ba Sakala anawoloka madziwo kukanena kuofesi ya magetsi, ndipo anabwerako ndi yankho lakuti tidikire, mathiransifoma opsa ndi ambiri.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza kagulu ka anthu pakhomo panga, ba Sakala ali patsogolo chipewa chili m'manja.

"Ba Dairekita, apa manje ni pa imwe. Baja ba ku ofesi ni bafana chabe. Imwe mukambe na bakulu banzanu."

Ndipo taonani mmene tsoka limakonzera zinthu bwinobwino. Sabata yomweyo, Lachinayi, kunali msonkhano wapachaka wa eni masheya a kampani yanga pa hotelo ina m'tauni. Ndinali nditaitanidwa kale, jekete nditaliyanika kale. Ndinawauza anthuwo kuti mwini kampani saima pa mzere kuofesi. Ndinati ndidzapita kumutu kwenikweni, ndipo Lachinayi lomwelo dzuwa lisanalowe adzamva mawailesi awo akuimba. Anawomba m'manja. Mayi wina anaimba nthungululu ngati ukwati wayamba kale.

Anthu atangobalalika, anatulukira bambo wina ndi wilibala, wa gulu lija limanyamula katundu ndi anthu kuwawolotsa madzi mvula ikagwa. Amake Esinati anatuluka m'nyumba atanyamula masaka.

"Batate bake Esinati, izi nkhuku nizipeleka kwa mung'ono wanga ku Matero. Kuja malaiti yaliko. Aba bazanifikisa ku mseu, nikwele basi zikali zolimba."

"Palibe nkhuku izachoka pano," ndinatero.

"Zizaola."

"Sizizaola. Firiji ngati siuisegula isunga kuzizila. Pa Chinayi malaiti yazabwela, nakamba kudala."

"Mwakamba na ndani? Na Mulungu?"

Zoona zake n'zakuti sindinkaganiza za kuzizira. Ndinkaganiza za maso a anthu. Ndangolonjeza kumene dera lonse, ndiye mkazi wa Dairekita aoneke akuthawitsa nkhuku pa wilibala ngati sakhulupirira mwamuna wake? Kiyi wa firiji ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndinamutenga, n'kukhoma firiji ya mkazi wanga iye akuona, n'kuponya kiyiyo m'thumba. Bambo wa wilibala anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo, kenako anatembenuza wilibala yake n'kumapita.

Mwina mukufunsa chifukwa chake sanangothyola loko. Inenso ndinadzifunsapo. Firiji ija anaipeza movutikira kwambiri moti sakanaikhoma ndi hamala. Komanso, ndipo ichi ndi chimene chimandiwawa, ndikuganiza kuti kachigawo kena ka mtima wawo kankafuna kuti ulendo uno wokha mwamuna wawo akhale kuti akunena zoona.

Lachitatu pansi pa firiji panayamba kuoneka kadziwe. Amake Esinati anapukuta, kenako n'kupukutanso. Esinati anandipeza ndikupaka nsapato polishi pakhonde, nagwada pambali panga.

"Atate, muli shuwa?"

"Mwana wanga, atate ako ni mwine wa kampani. Iwe ganiza chabe za diresi."

Anati chabwino, n'kundithandiza kupukuta nsapato inayo. Mpaka lero ndikanakonda akanandikalipira.

Lachinayi m'mawa ndinavala suti ya ukwati womwewo (ndinati ndiiyeseretu) ndi tayi yobwereka kwa ba Sakala. Ndili pakhomo, amake Esinati anatambasula dzanja.

"Siyani kiyi."

Ndinachita ngati ndikukonza tayi. Anthu anali atasonkhana kale kudzandiperekeza, ndipo poona kuti madzi andionongera suti, anaitana wilibala. Inali yomwe ija, ndi bambo yemwe uja. Anayalamo katoni, ine n'kukhalamo miyendo ili lende, nsapato zonyezimira zili m'mwamba, ndipo ndinawoloka Kanyama ngati mkwatibwi, anthu akukuwa m'mbuyo kuti ndikawauze mabwana anzanga za mitengo yopendama ndi mabilu okwera. Wilibala imene ikanapulumutsa nkhuku inanyamula ine.

Kuhotelo kunali kapeti yoti phazi limamira, ndi mphepo yozizira yochokera kudenga (panthawiyo n'kuti m'holo muja mukuzizira kuposa m'firiji mwathu). Pakhomo anandipatsa baji ndi chibuku chonenepa cha zithunzi zokongola. Ndinachitsegula n'kuona migodi, zigalimoto za miyala, amuna a zisoti ali pansi pa nthaka. Ndinati mumtima, eya, awa ndi makasitomala athu ena. Kuti m'buku lonselo munalibe chithunzi cha nyumba ya munthu ngakhale imodzi, zimenezo sizinandiuze kanthu.

Mabwana anakhala kutsogolo pa tebulo lalitali n'kuyamba kulankhula manambala m'Chingerezi. Anzanga akawomba m'manja ndinkawomba, akakweza mkono ndinkakweza, ndipo mpaka lero sindidziwa zimene ndinavomereza tsiku limenelo. Kenako wapampando, bambo wa imvi wa mawu odekha, anati yafika nthawi ya mafunso. Wina anafunsa za ngongole za kampani, wina za phindu. Ine ndinaimirira mkono uli m'mwamba mpaka mtsikana wa maikolofoni anandipeza.

Ndinayamba monga timayambira pa msonkhano wa kwathu. Ndinapereka ulemu kwa wapampando, kwa akuluakulu onse, kwa amayi ndi abambo, n'kuthokoza Mulungu potisunga. Ndinanena kuti ndachokera ku Kanyama ndipo ndatumidwa ndi anthu. Chingerezi changa chinandiperekeza mpaka pa mawu akuti thiransifoma, pamenepo n'kundisiya ndekha, ndiye ndinangopitiriza m'chathu. Ndinalongosola pamene thiransifomayo ili, kuseri kwa tchalitchi cha denga lobiriwira, moyang'anana ndi shopu ya ba Sakala. Ndinanena za ba Sakala amene sanawotcherere kanthu chiyambire Lolemba. Kenako ndinafika pa nkhuku. Ndinafotokoza za ku Katete, za amayi a kutchalitchi, za ukwati wa Loweruka, mpaka ndinatulutsa kiyi m'thumba n'kumuonetsa m'mwamba kuti aone kuti si nkhambakamwa.

"So bakulu banzanga," ndinamaliza motero, "ine sinipempha. Nikamba monga mwine wake. Tumani bafana lelo lamene."

Wapampando anaweramira mnzake wa pambali, ananong'onezana, kenako anavula magalasi. Anandiyankha m'Chinyanja kuti ndimve bwino, ndipo chifundo chimenecho ndi chimene chinandivula.

"Bakamba, zikomo, ndipo pepani maningi pa vamene vachitika. Koma ise sitigulisa malaiti ku manyumba. Ise tipeleka malaiti ku migodi, ku Kopala. Ku Kanyama tilibe olo waya imozi. Baja bamene bamakupasani malaiti ni kampani ina, ya boma, ndipo ija ilibe masheya yogulisa."

Munthu wanzeru akanakhala pansi pamenepo. Ine ndinagwiritsitsa maikolofoni.

"Manje simuzibana nabo? Simungabatumileko foni? Nonse muli mu malaiti."

Apa ndiye holo inaphulika. Sikunali kuseka kwa nkhanza, ndisanamizire anthu. Kunali kuseka kwa anthu amene akhala m'mawa wonse akumva manambala ndipo mwadzidzidzi apatsidwa nkhuku. Wapampando anawatontholetsa, n'kunena kuti m'malo mwa kampani yonse akufunira mwana wanga ukwati wabwino. Onse anawomba m'manja nthawi yaitali. Ndawomberedwapo m'manja kawiri kokha pa moyo wanga, Lachiwiri lija pakhomo panga ndi Lachinayi ili, ndipo konse kuwiri kunali kwa chinthu chimene ndinalibe.

Msonkhano utatha kunali chakudya, ndipo simungalephere kulota chimene anaphika. Ndili pa mzere, mayi wina wovala bwino anatenga ntchafu ya nkhuku pa mbale yake n'kuika pa yanga. "Ya ukwati," anatero mokoma mtima. Ndinathokoza. Kudya kunandikanika, koma umphawi suchita manyazi nthawi yaitali, choncho ndinakulunga ntchafu ziwirizo, yanga ndi yopatsidwayo, m'pepala n'kuika m'thumba.

Apa pali chinthu china chimene sindinauzepo ngakhale mkazi wanga. Msonkhano unatha dzuwa lili pamutu. Ndikanathamangira kunyumba, mwina nkhuku za pansi penipeni zikanapulumukako. Koma ndinakakhala pa siteshoni n'kumaonerera minibasi za ku Kanyama zikudzaza n'kumapita, ina pambuyo pa inzake, ndikusakasaka mawu okauza anthu. Sindinawapeze. Ndinakwera dzuwa litapendeka, ndipo ulendo uno panalibe wilibala yondidikira. Ndinapinda buluku la suti n'kulowa m'madzi ngati wina aliyense.

Anthu anali pa shopu ya ba Sakala, ena atanyamula mawailesi.

"Ba Dairekita! Bati bwanji? Babwela nthawi bwanji?"

"Bati si yathu," ndinayankha.

"Ni chani chamene si chathu? Thiransifoma?"

"Kampani."

Ndinafotokoza mwachidule za migodi. Ba Sakala anandiyang'ana kuyambira ku tayi yawo mpaka ku mawondo anga amatope.

"So masiku yonse yaja malaiti yakabwela, tenze kuyamika imwe, yenze kubwela yeka?"

"Yeka."

Wina anayamba kuseka, wina n'kutukwana chapansipansi. Ba Sakala anangovala chipewa chawo n'kunena kuti tayi ndibweze ndikachapa.

Kunyumba ndinapeza amake Esinati atakhala pa kampando pafupi ndi firiji, manja ali pamiyendo. Nkhani inali itandipitirira kale panjira. Ndinatulutsa kiyi kuti ndiwapatse, koma sanalandire.

"Segulani mweka, ba Dairekita."

Ndinatsegula. Sindikufotokozerani fungolo, chifukwa mwina mukudya. Ndingoti linatuluka ngati munthu, n'kudzaza nyumba, n'kutulukira pakhomo kukauza anansi amene anali asanamve. Esinati anathamangira panja atagwira pakamwa. Amake anasuzumiramo kamodzi, anakhudza nkhuku ya pamwamba ndi chala, n'kubweza chivundikiro pang'onopang'ono ngati akufunditsa wodwala. Sanalire. Ine, posowa chochita ndi manja anga, ndinatulutsa kapepala kaja n'kuika ntchafu ziwiri za kuhotelo pa tebulo. Ndiyo nkhuku yokhayo yodyeka imene inali m'nyumba mwathu, kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike.

Kukwirira sikukanatheka, poti kwathu ukakumba pang'ono wapeza mwala, ndipo pamwamba pa mwalawo panali madzi. M'mawa mwake ndinakaitana wilibala kuti tikataye kudzala. Anabwera bambo yemwe uja. Anayang'ana masaka, anandiyang'ana ine, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Ni zamene zija?"

Ndinati ndi zomwezo. Ananyamuka ndi wilibala yake, ine n'kumayenda pambuyo pake ngati wa pamaliro, ntchentche zikutiperekeza.

Nditabwerako ndinapeza amake Esinati atatsuka firiji ndi soda ndi madzi otentha, akuipukuta mkati ndi kunja monga ankachitira m'mawa uliwonse. Ndinaganiza kuti akuchotsa fungo chabe. Masana kunabwera bambo wina wa butchala ku Chawama ndi anyamata ake, anaizungulira firijiyo, anagogoda m'mbali mwake, n'kukambirana ndi mkazi wanga chapansipansi. Nditazindikira chimene chikuchitika ndinayesa kulankhula, ndinati tigulitse masheya anga m'malo mwake. Amake Esinati anandifunsa ngati masheyawo angasanduke nkhuku pofika mawa m'mawa. Sakanatha. Amuna aja anainyamula pamapewa kuwoloka nayo madzi, amake Esinati ataima pakhomo, kansalu koluka kali m'manja.

Madzulo omwewo amake Esinati anabwera ndi nkhuku zoyera za kumsika, zamoyo, zomangidwa miyendo. Amayi a kutchalitchi analawirira Loweruka kudzazipha ndi kuzisosola, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene ananditchula dzina, zimene zinali zowawa kuposa kutukwanidwa. Ukwati unayenda bwino. Anthu a ku Kalingalinga anadya nkhuku mpaka kunyambita zala, Esinati anavina, ndipo ine nditapatsidwa mpata wolankhula ndinanena mawu ochepa kwambiri moti abusa anadabwa. Maikolofoni ndinali nditakhuta nayo.

Magetsi anabwera patapita masabata, popanda thandizo la Dairekita aliyense. Ana anakuwa m'komboni monse monga amachitira, mawailesi anayamba kuimba, kwa ba Sakala kunayambanso kuthetheka moto. M'nyumba mwathu munangoyaka babu. Zaka zonse zija sindinkadziwa kuti firiji ija inkalira kamawu kake kapansipansi usana ndi usiku, ndinadziwa tsiku limenelo chifukwa kanalibe. Pamene inkakhala panatsala malo oyera pa simenti, ndipo pamwamba pake setifiketi yanga inali chipachikire mu felemu.

Amake Esinati anabwerera kumsewu ndi tomato, pa msinkhu umene anzawo anali atayamba kukhala pamthunzi. Ine ndinkawanyamulira bokosi m'mawa n'kukawatenga madzulo, ndipo ndikuchitabe. Masheya sindinagulitse. Chaka chikayenda bwino kumigodi amanditumizira kaphindu, ndipo kamakwana nkhuku imodzi, nthawi zina ndi mafuta ophikira. Timaidya tsiku lomwelo, poti posungira palibe.

Mungaganize kuti munthu wamva nkhwangwa ili m'mutu ngati ine sangayambirenso. Koma patapita nthawi m'komboni munayamba kutchuka masheya a kampani ya mafoni a m'manja, ndipo ndinayamba kudziuza kuti awa ndiye ena, chifukwa foniyo ndili nayo m'thumba, dzina lake ndikuliona ndi maso, palibe za migodi. M'mawa wina ndinatulutsa jekete la suti ija, limene ndinali ndisanalivalenso chichitikire ukwati, kuti ndikangofunsa chabe kubanki (kufunsa si kugula). Nditapisa dzanja m'thumba ndinakhudza kachitsulo kozizira. Anali kiyi wa firiji. Tsiku lija nditatsegula ndinamubwezera m'thumba mosaganiza, ndipo wa butchala anatenga firiji yopanda kiyi.

Amake Esinati anali pakhonde akusankha tomato, wabwino uku, wofewa uku. Ndinawaonetsa kiyiyo n'kunena kuti ndikamupereka ku Chawama kwa mwini wake. Anayang'ana kiyi, anayang'ana jekete, ndipo ndikhulupirira kuti anadziwa kumene jeketelo linkapita.

"Sungani," anatero, n'kubwerera ku tomato wawo. "Ni sheya yanu ya mu firiji. Iyo ndiye kampani yamene munali nayo."

Jekete ndinavula, kiyi ndinamumangirira pa makiyi anzake, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Koma musandifunse ngati ndinasiya kumvera mitengo ya masheya pa wailesi. Ndimangochepetsa mawu.